Chigumula cha 1966 ku Florence ndi tsogolo la mtsinje wa Arno: mafunso ndi mayankho

Pa 4 Novembala chaka chilichonse anthu a mumzinda wa Florence ku Italy amakumbukira tsiku lomwe mtsinje wa Arno unalowa mtauni mwawo. Ndi tsiku la chisoni, komanso ndi tsiku lomwe akuluakulu a boma amafunsidwa kuti ntchito yoteteza mzinda ija yafika pati. Mafunso ali mmunsiwa akukhudza mbali zonse ziwiri.

Kodi chinachitika ndi chani kwenikweni tsiku limenelo?

Mwezi wa Okutobala 1966 kunagwa mvula yambiri mchigawo cha Tuscany moti nthaka inali itakhuta kale madzi, nde pa 3 Novembala inayambanso ina yosalekeza, usana ndi usiku, malo ambiri inagwa pafupifupi mamilimita 200 mkati mwa tsiku limodzi ndipo kumapiri inaposa pamenepo. Nthaka yokhuta simezanso kanthu, dontho lililonse limangothamangira kumtsinje. Usiku wa pa 3 kucha wa pa 4 madzi anayamba kumiza midzi ya kumtunda, kenaka mbandakucha anayamba kutulukira mmapaipi a zonyansa mtauni, ndipo kutacha analumpha zipupa za mmbali mwa mtsinje nkulowa mmisewu. Mawotchi amagetsi a mumzinda anaima nthawi ili 7:26 mmawa.

Misewu ya pakati pa Florence ndi yopapatiza, yakalekale, nde madzi atalowamo ankathamanga mowopsa atanyamula magalimoto, mitengo, mipando ndi katundu wa mmashopu. Kudera la Santa Croce, lomwe ndi lotsika, malo ena madzi anafika mamita 6. Chinaipitsa zinthu kwambiri ndi mafuta. Inali nthawi yolowa mnyengo yozizira ndipo anthu anali atangodzaza mathanki a mafuta otenthetsera mnyumba, mathanki ake amakhala mzipinda za pansi, madzi aja anawaphulitsa mafuta nkusakanikirana ndi matope. Madzi ataphwa usiku womwewo anasiya matope akuda onunkha, amati matani pafupifupi 600,000, ndipo mzinda unalibe magetsi, madzi akumwa olo foni.

Bwanji anthu sanachenjezedwe?

Kunalibe njira yochenjezera, basi. Panalibe ofesi imodzi yomwe inkaona mtsinje wonse kuchokera kumapiri mpakana kunyanja, uthenga wa kumtunda unkafika modukaduka, ndipo akuluakulu omwe anamva kuti madzi akukwera ankaopa kuti akaliza mabelu usiku anthu athamangira mmisewu ndi magalimoto nkukakumana ndi madzi konko. Ena mwa ochepa omwe anadziwa msanga ndi osula golide a pa mlatho wa Ponte Vecchio, mlonda wa usiku ndi amene anawaimbira foni, anabwera nkupulumutsako katundu wina.

Anthu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kunena zoona chigumula cha mtsinje waukulu chimaimba ndithu, madzi amatenga maola kuti atsike kuchoka kumtunda. Chomwe chinasowa ndi woimvera ng'omayo nkuuza anzake.

Anafa anthu angati?

Mndandanda wa boma uli ndi anthu 35, mwa iwo 17 mumzinda weniweniwo ndipo 18 mmadera ozungulira. Ambiri anali okalamba ndi odwala omwe ankagona mzipinda za pansi ndipo sanathe kukwera mmwamba, munalinso ana aang'ono ndi anthu omwe anafera pa ntchito. Chiwerengerochi chikanakhala chachikulu zedi pakanapanda kuti 4 Novembala inali holide ku Italy, tsiku lokumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nde masukulu, maofesi ndi mashopu zinali zotseka ndipo anthu ambiri anali mnyumba. Likanakhala tsiku wamba la ntchito, 7 koloko mmawa misewu ikanakhala yodzaza ndi ana a sukulu.

Mabanja masauzande anataya nyumba, ndipo mashopu ndi timakampani ta amisiri tambirimbiri tinawonongeka, tina sitinatsegulidwenso.

Madzi anasefukira malo ambiri sabata imeneyo, nde bwanji dziko lonse linkangokamba za Florence?

Zoona, tsiku lomwelo ku Venice madzi a mnyanja anakwera masentimita 194, Grosseto inamizidwa ndi mtsinje wa Ombrone, Trento ndi mtsinje wa Adige, ndipo kumpoto chakummawa kwa Italy kunafa anthu ambiri kuposa ku Florence. Izi siziyenera kuiwalika ndipo ine ndimaona kuti pa zikumbutso sizimatchulidwa mokwanira.

Koma Florence imasunga zinthu zoti zikawonongeka simungazipezenso kwina. Laibulale yaikulu ya dziko, Biblioteca Nazionale Centrale, inamangidwa mmphepete penipeni mwa mtsinje ndipo mabuku ambiri ankasungidwa mzipinda za pansi, zinthu zoposa 1 miliyoni zinamira, mabuku akale, manyuzipepala, mamapu. Nkhokwe ya zikalata za boma nayo inalowedwa. Ku tchalitchi cha Santa Croce mtanda waukulu wopentedwa ndi Cimabue zaka za mma 1200 unataya pafupifupi 60 peresenti ya penti yake, anthu ankasefa matope pofuna kutolera tizidutswa take. Ku Battistero, nyumba yakale yobatiziramo, madzi anamenya zitseko zamkuwa zomwe anapanga Lorenzo Ghiberti mpaka zidutswa zingapo zinathothoka, zinapezeka mmatope zitakodwa pa mpanda wachitsulo. Zithunzi za zimenezi zitatuluka mmanyuzipepala ndi pa TV ndi pomwe thandizo linayamba kubwera, ku America kunapangidwa komiti yosonkha ndalama yomwe mtsogoleri wake waulemu anali Jacqueline Kennedy, ndipo Papa Paul VI anabwera kudzachita misa ya usiku wa Khirisimasi ku Florence chaka chomwecho.

Nanga angelo a matope omwe amatchulidwa pa chikumbutso chilichonse ndi ndani?

Ndi achinyamata, ambiri a iwo ophunzira, omwe anangonyamuka okha kuchokera mmadera ena a Italy ndi mmaiko akunja kupita kukathandiza, palibe anawaitana ndipo palibe anawalipira. Ku Italy amawatcha angeli del fango. Ankagona mmabogi a sitima pa siteshoni, mmawa nkukandanda mzipinda zamdima za pansi pa laibulale nkumapatsirana mabuku dzanja ndi dzanja mpaka panja, kuli kuzizira, matope ofika mmaondo, fungo la mafuta lili thoo. Panalinso asilikali, ozimitsa moto ndi eni mzinda omwe ankafosholo matope mnyumba za anzawo, amenewa sanajambulidwe kwambiri koma ntchito yaikulu inali yawo, pamodzi ndi meya wa nthawiyo Piero Bargellini yemwe nyumba yake inali mdera lomira lomwelo.

Mbali ina yomwe imandisangalatsa ndi ya mabuku. Panalibe munthu padziko lapansi yemwe anakumanapo ndi mabuku onyowa ochuluka chonchi, nde anthu anaphunzira ali pa ntchito pomwepo. Mabuku ankatsukidwa mnyumba ya makina otenthetsera ya pa siteshoni ya sitima, ena ankapita nawo kukaumitsa mmashedi oumitsira fodya ndi mmauvuni a njerwa chifukwa nkhungu inali itayamba kale, ndipo zithunzi zopentedwa pa matabwa anazisonkhanitsa mnyumba yosungiramo mitengo ya mandimu ku munda wa Boboli kuti ziziuma pang'onopang'ono, thabwa likauma mofulumira limapindika penti nkusweka. Akatswiri ngati Peter Waters ndi Christopher Clarkson ochokera ku Britain anagwira nawo ntchitoyi, ndipo njira zambiri zomwe malaibulale amagwiritsa ntchito lero posamala mabuku akale zinakhwimira ku Florence komweko. Mpaka pano mabuku ena a 1966 akudikirabe kukonzedwa.

Kodi kanali koyamba Arno kuchita zimenezi?

Ayi ndithu. Pa 4 Novembala 1333, tsiku lomwelo la mwezi womwewo, chigumula chinagwetsa milatho itatu kuphatikizapo Ponte Vecchio, ndipo wolemba mbiri wa nthawiyo Giovanni Villani analemba kuti kunafa anthu pafupifupi 300. Mlatho womwe alendo amajambulitsapo lerowu ndi womwe unamangidwanso mu 1345. Kenaka kunabwera china chachikulu mu Sepitembala 1557, china pa 3 Novembala 1844, osawerengera zing'onozing'ono zambirimbiri pakatipo. Mukamayenda mmisewu ya mzindawu mumaona timiyala tolembedwa pa zipupa tosonyeza pomwe madzi anafika, pa kona ya Via San Remigio pali ka 1333 ndipo pamwamba pake pali ka 1966.

Vuto ndi loti kuchoka 1844 kufika 1966 panadutsa zaka 122, palibe wamoyo yemwe ankakumbukira, timiyala tija anthu ankangotidutsa. Madzi saiwala khwawa, woiwala ndi munthu, ndipo mzaka zoiwalazo ndi momwe laibulale inamangidwa pagombe mabuku nkuikidwa pansi.

Ndi zoona kuti madamu ndi omwe anamiza mzinda?

Mphekesera imeneyi inafala kwambiri masiku oyamba ndipo ena amaikhulupirirabe. Kumtunda kwa Florence, chakufupi ndi Arezzo, kuli madamu awiri opangira magetsi, Levane ndi La Penna, ndipo usiku umenewo anatsegulidwadi chifukwa anali atadzaza. Koma kafukufuku yemwe anachitika pambuyo pake anapeza kuti si iwo anayambitsa ngoziyi, madamu ake ndi aang'ono poyerekeza ndi madzi omwe anabwera, sakanatha kuwasunga olo akanakhala opanda kanthu. Ku Florence kunafika madzi oposa makiyubiki mita 4,000 pa sekondi pomwe mtsinje mkati mwa tauni unkatha kunyamula pafupifupi 2,500 okha. Otsalawo ndi omwe anapita mmisewu.

Chikumbutso chake chimachitika bwanji?

Chaka chilichonse kumakhala misa ku tchalitchi cha Santa Croce, maina a omwalira amakumbukiridwa, kenaka anthu amayenda ndi mbendera ya mzinda kupita pa mlatho wa Ponte alle Grazie komwe amaponya nkhata mumtsinje. Pa zaka 50, mu 2016, mwambo unakula, kunabwera pulezidenti wa dziko Sergio Mattarella, angelo a matope aja anaitanidwanso atakalamba tsopano, ndipo chithunzi chachikulu cha Mgonero Womaliza chomwe anapenta Giorgio Vasari chinabwerera ku Santa Croce patatha zaka 50 chichokereni. Chinakhala mmadzi maola oposa 12 ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankati sichingakonzeke, mpaka a Opificio delle Pietre Dure, bungwe la ku Florence lokonza zojambula zakale, anachikwanitsa. Chomwe ndimachikonda pa nkhani imeneyi ndi choti sanangochipachika mmene chinalili kale, anachiika pa makina a zingwe ndi zolemera zoti chenjezo likangoperekedwa chimakwezedwa mmwamba ndi manja, osadalira magetsi. Mtanda wa Cimabue nawo pano unapachikidwa pamalo okwera. Kukumbukira kwenikweni kumaoneka choncho, munthu wasintha kachitidwe chifukwa cha zomwe zinamuonekera.

Bwanji nkhani imapita ku chigwa chonse mmalo mongokonza mtsinje mkati mwa tauni?

Chifukwa madzi omwe amamiza Florence si a mvula yogwa ku Florence. Arno amayambira pa phiri la Falterona, amatsika chakummwera kudutsa Casentino, nkukhota pafupi ndi Arezzo, kudutsa Valdarno, kenaka Florence, Empoli, Pontedera, Pisa mpaka kukathira mnyanja, ulendo wa makilomita 241, ndipo dera lonse lomwe madzi ake amatsikira mumtsinjewu ndi loposa masikweya kilomita 8,000. Mnjiramo amalandira mitsinje ina, Sieve kumtunda kwa mzinda, kenaka Greve, Bisenzio, Ombrone wa ku Pistoia, Pesa, Elsa ndi Era kumunsi. Mapiri ake ambiri ndi a dothi losamwa madzi msanga, nde mtsinjewu nthawi yotentha umaphwa kwambiri koma mvula ikalimba umakwera mmaola ochepa. Ngozi yaikulu imakhala pomwe madzi a Sieve ndi a Arno afika nthawi imodzi pa Pontassieve, pomwe mitsinje iwiriyi imakumana.

Chilichonse chochitika kumtunda chimakamveka kumunsi. Munthu akamanga daiki kuteteza munda wake, madzi omwe akanafalikira mmundamo amapitirira kwa mnzake ali othamanga kuposa kale. Mkangano umenewu ndi wakalekale, mchaka cha 15 AD nyumba ya malamulo ya ku Rome inakambirana zopatutsa mtsinje wa Chiana kuti uzithira mu Arno mmalo mwa Tiber, mtsinje wodutsa mu Rome, ncholinga choti Rome isamamire, anthu a ku Florence anatumiza nthumwi kukadandaula kuti nde mumiza ife, ndipo pulani ija inasiyidwa. Patatha zaka mazanamazana dambo la Chiana linaumitsidwa kuti anthu azilima ndipo madzi ake lero amathiradi mu Arno kudzera mngalande. Nde mukuona, zomwe zinapindulira alimi a dera lina zinawonjezera katundu pa mtsinje wodutsa mtauni ya ena.

Kuwonjezera apo, nkhondo yachiwiri itatha anthu ambiri anasiya minda ya mmapiri kupita kukagwira ntchito mmafakitale, migula ndi ngalande zomwe ankazisamala chaka ndi chaka zinayamba kugumuka, ndipo kuchigwa kuja madambo omwe kale ankalandira madzi osefukira anadzaza nyumba, mafakitale ndi misewu ya tala. Palibe khonsolo imodzi yomwe ingakonze zonsezi payokha.

Nde kuyambira 1966 chachitikapo ndi chani?

Zilipo, sitinganene kuti anangokhala. Boma linakhazikitsa komiti ya akatswiri yotsogozedwa ndi Giulio De Marchi yomwe inatulutsa lipoti lake mu 1970, ndipo mfundo yake yaikulu inali yomweyi, yoti mtsinje uziyendetsedwa ngati chinthu chimodzi osatengera malire a maboma aang'ono. Lamulo lotsatira maganizo amenewa linadzabwera mu 1989, lamulo nambala 183, lomwe linakhazikitsa maofesi oyang'anira zigwa za mitsinje, ndipo pulani yochepetsa ngozi ya madzi pa Arno inavomerezedwa mu 1999. Werengani nokha, zaka 33 chichitikireni ngozi.

Pa ntchito zooneka ndi maso, mzaka za mma 1970 anatsitsa pansi pa mtsinje pa milatho ya Ponte Vecchio ndi Santa Trinita komanso kukweza zipupa malo ena, moti pano mtsinje umatha kudutsitsa madzi opitirira makiyubiki mita 3,000 pa sekondi mtauni. Kumtunda kwa Sieve, mdera la Mugello, anamanga damu la Bilancino lomwe linatha mzaka za mma 1990, limathandiza kwambiri pa madzi akumwa ndi kuti mtsinje usaphwe nthawi yotentha, limagwirako madzi osefukira koma lili kumutu kwenikweni kwa mtsinje nde limangogwira a kadera kochepa. Ku Pontedera kuli ngalande yaikulu yotchedwa Scolmatore yomwe imapatutsa madzi a Arno kupita nawo kunyanja chakufupi ndi Livorno, yapulumutsa Pisa kangapo, koma dziwani kuti ili kumunsi kwa Florence, kotero Florence siipindula nayo.

Chomwe chasinthiratu ndi machenjezo. Pano kuli zida zoyezera mvula ndi kukwera kwa madzi mchigwa chonse, kuli nthambi ya boma yoona za ngozi, ndipo chenjezo limaperekedwa mwa mitundu, lachikasu, la olenji ndi lofiira, likakhala lofiira masukulu amatsekedwa. Komanso lamulo la European Union la 2007 limakakamiza maiko kujambula mamapu a malo omwe angamire ndi kupanga mapulani omwe amaunikidwanso zaka 6 zilizonse. Ntchito imeneyi pa Arno tsopano ili mmanja mwa ofesi ya chigawo cha Appennino Settentrionale yomwe likulu lake lili ku Florence konko.

Malo osungira madzi kwakanthawi omwe amakambidwa kwambiri aja amagwira ntchito bwanji?

Apa ndi pomwe pagona chitetezo cha Florence. Amasankha malo athyathyathya mmbali mwa mtsinje kumtunda kwa mzinda, amawazunguliza ndi madaiki, nkusiya khomo lolowera madzi. Masiku onse malowo amakhala ouma, ena amalimidwa, ena ndi mapaki. Mtsinje ukakwera kufika pa mulingo woopsa khomo lija limatsegulidwa, kapena madzi amangodumpha okha pa mpanda womwe anautsitsa dala, nkudzaza malowo, kenaka mtsinje ukatsika madzi aja amabwezedwa pang'onopang'ono. Cholinga si kusunga chigumula chonse ayi, ndi kudula nsonga yake yokha, maola ochepa aja omwe madzi amaposa zomwe milatho ya mtauni ingadutsitse. Nchifukwa chake nthawi yotsegulira ndi yofunika kwambiri, mukatsegula msanga malowo amadzaza nsonga isanafike ndipo mwataya mwayi, mukachedwa madzi adutsa kale.

Ku Italy malowa amawatcha casse di espansione, ndipo akuluakulu ake pa Arno ndi anayi a kufupi ndi tauni ya Figline, kumtunda kwa Florence, omwe ndi Pizziconi, Restone, Prulli ndi Leccio, onse pamodzi anakonzedwa kuti azisunga makiyubiki mita pafupifupi 25 miliyoni. Palinso pulani yokweza damu la Levane kuti lizigwirako madzi osefukira. Pofika chikumbutso cha zaka 50 ntchito zambiri mwa izi zinali zisanathe, ndipo komiti ya akatswiri a mmaiko osiyanasiyana yomwe inaitanidwa nthawi imeneyo, motsogozedwa ndi injiniya wa ku America Gerald Galloway, inanena mosabisa kuti mzinda udakali pa ngozi ndipo ntchito ikuyenda mochedwa.

Bwanji osangokweza zipupa, kapena kukumba mtsinje kuti uzame?

Pakati pa Florence mtsinje ndi wopanikizika, mbali zonse kuli nyumba zakale ndipo dera lonselo lili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1982, simungagwetse Ponte Vecchio kuti madzi azidutsa bwino. Zipupa zikakwera kwambiri zimabisa mtsinje komanso tsiku lomwe zagonja madzi amagwa ndi mphamvu yoposa. Kukumba nako kuli ndi malire, mukachotsa mchenga ndi miyala yambiri mtsinje umayamba kudya pansi pa maziko a milatho ndi madaiki, komanso gombe la kunyanja limasowa mchenga nkuyamba kukokoloka. Ndipo zonse ziwirizi zimangofulumizitsa madzi kupita kwa a Empoli ndi a Pisa.

Maganizo opatutsa Arno si atsopano, Leonardo da Vinci anajambulapo mapulani otero, ndipo mu 1504 Florence inayesadi kukumba ngalande zopatutsa mtsinjewu pa nkhondo yake ndi Pisa, zinakanika.

Nchifukwa chani ntchito zimachedwa chonchi?

Ndalama ndi chifukwa chimodzi, ntchito zake ndi za mamiliyoni ambiri a euro ndipo bajeti imabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri ngozi ikangochitika kumene. Koma palinso nkhani ya malo. Munthu wa ku Figline akuuzidwa kuti munda wake uzimira dala kuti mzinda womwe uli makilomita ambiri kumunsi usamire, nde ayenera kulipidwa bwino ndi kufotokozeredwa moona mtima, apo ayi nkhani imathera kukhoti zaka nkumapita. Malo ena athyathyathya omwe akanagwira ntchitoyi anamangidwapo kale, ena adutsamo njanji ndi msewu waukulu wopita ku Rome, zonsezo zimafuna kusunthidwa kapena kutetezedwa. Kenaka maofesi okhudzidwa ndi ambiri, boma lalikulu, chigawo, makhonsolo, oyang'anira zachilengedwe, oyang'anira zinthu zakale, aliyense ndi sitampu yake.

China chomwe sichimanenedwa kwambiri ndi choti ntchito yoteteza ikayenda bwino palibe chimaoneka, chigumula chomwe sichinachitike sichituluka mnyuzi, pomwe wandale amafuna chinthu choti akadule riboni chisankho chisanafike. Ichi ndi chifukwa chake ine ndimaona kuti tsiku la 4 Novembala ndi lofunika kuposa mmene ena amaganizira, ndi tsiku limodzi pa chaka lomwe atolankhani ndi anthu wamba amafunsa funso lomwelo pamaso pa akuluakulu.

Mvula ya 1966 itabweranso lero, Florence ingamire?

Akatswiri ambiri amati inde madzi angalowebe, koma ochepa kuposa nthawi ija, ndipo anthu angadziwe maola angapo zisanachitike nde miyoyo yambiri ingapulumuke. Masamu ake ndi osavuta, mtsinje ukudutsitsa makiyubiki mita opitirira pang'ono 3,000 pa sekondi pomwe nthawi ija kunabwera oposa 4,000, kusiyana kumeneko ndi komwe malo osungira madzi aja akuyenera kutseka. Kumbali ya katundu zinthu zikhoza kuipa kuposa kale, chifukwa mmalo omwe mu 1966 munali minda lero muli nyumba, mafakitale, magalaji a pansi pa nthaka ndi mawaya a magetsi ndi intaneti.

Nanga kusintha kwa nyengo kukulowapo bwanji?

Nyanja ya Mediterranean ikutentha, mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, nde mvula yamphamvu yogwa nthawi yochepa pamalo amodzi ikuchuluka. Mvula yotereyi siidikira Arno, imaphulitsa timitsinje ting'onoting'ono tomwe ambiri satiwerengera, tina tinakwiriridwa mmapaipi pansi pa misewu. Zinaoneka pa 2 Novembala 2023, masiku awiri chikumbutso chisanafike, pomwe Bisenzio ndi timitsinje tina tinasefukira ku Campi Bisenzio, Prato, Montemurlo ndi Quarrata, anthu anamwalira, nyumba ndi mafakitale a nsalu zinamira, Arno ali phee mkhwawa lake. Achinyamata anatulukanso ndi mafosholo ngati agogo awo aja.

Nde pulani ya chigwa singaimenso pa kuteteza pakati pa Florence pokha. Ikuyenera kuona timitsinje ta mmbali, ngalande za mmatauni, kuletsa kumanga mmalo omwe mapu akuonetsa kuti amamira, komanso chilala, poti mtsinje womwewu nthawi yotentha umasowa madzi ndipo damu lomwe mukufuna likhale ndi mpata wolandira chigumula ndi lomwelonso mukufuna likhale lodzaza kuti anthu amwe. Kusankha mulingo wa madzi mdamu mwezi ndi mwezi ndi nkhani yovuta yomwe imafuna alimi, a zamagetsi, a madzi akumwa ndi oteteza mizinda akhale pa tebulo limodzi.

Munthu wamba wokhala mchigwachi angachitepo chani?

Choyamba adziwe ngati nyumba yake ili mdera lomira, mamapu ake ali poyera pa intaneti ndipo khonsolo iliyonse imayenera kukhala ndi pulani yake ya nthawi ya ngozi. Chenjezo likaperekedwa asatsikire mchipinda cha pansi kapena mgalaji kukapulumutsa galimoto, anthu ambiri omwe amafa pa zigumula za masiku ano amafera mmalo otere ndi mmisewu yodutsa pansi pa milatho, madzi ofika mmaondo okha akamathamanga amakwanitsa kukokolola galimoto. Akwere mchipinda cha mmwamba, azimitse magetsi ndi gasi ngati nthawi ilipo, ndipo adziwiretu kuti pa mdadada wawo wokalamba kapena wolumala yemwe amagona pansi ndi ndani, chifukwa mndandanda wa 1966 uja unadzaza ndi anthu otere. Masukulu, mamyuziyamu ndi malaibulale nawo amayenera kuyeserera mapulani awo osamutsa anthu ndi katundu, osangowasunga mkabati.

Kenaka pali kufunsa. Pa misonkhano ya khonsolo ndi pa chikumbutso penipenipo munthu ali ndi ufulu wofunsa kuti mwa malo anayi a ku Figline aja ndi angati akugwira ntchito, Levane yafika pati, madaiki a Bisenzio anayenderedwa liti, eni minda yomwe izimira dala analipidwa kapena ayi, komanso ndi zilolezo zingati zomangira mmalo omira zomwe zaperekedwa chaka chimenecho.